Mbereko ya Mayi Kikuno

Ku koleji ya ku Kanazawa ankamutcha Aphunzitsi a Terashita, ndipo ophunzira ankamuweramira akakumana naye pakhonde. Koma mu msewu wathu wa ku Takaoka, kuseri kwa amisiri osula mkuwa, palibe amene anadzivutitsapo ndi maulemu amenewo. Kuno anali Wataru wa kwa atofu ali mwana, anali Wataru wa kwa atofu atamera ndevu, ndipo anakhalabe Wataru yemweyo dazi litamudya mutu wonse.

Sitolo ya makolo ake inali yopapatiza moti anthu awiri onenepa sakanapatsana njira. Bambo ake, a Gonichi, ndiwo ankapera soya pa mphero ya miyala. Mayi ake, a Kikuno, ankawiritsa mkaka wa soyayo m'chimphika chachikulu, kuusefa, kuuumitsa m'mabokosi a matabwa, kenaka n'kumadula tofuyo m'madzi ozizira oti dzanja limachita dzanzi. Pakhomo pankagulitsa mlongo wake Tomie, wamkulu kwa iye ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mtsikana wa pakamwa posatseka amene ankatha kukugulitsa tofu muwiri iwe utabwera kudzangofunsa nthawi.

Chinthu choyamba chimene Wataru ankakumbukira pa moyo wake chinali msana wa mayi ake. Tsaya lake lili pa msanapo, nthunzi yonunkhira soya ili tolotolo, ndipo mayi akawerama kuti avundule mphika iye ankawerama nawo. Ankamumanga ndi mbereko yabuluu, nsalu yaitali yopapatiza yopingasa pachifuwa. Anamubereka kumsana mpaka ali ndi zaka zitatu, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwa mayi, akazi a mu msewu akuseka kuti mwana ameneyu adzapita ku sukulu ali kumsana. A Kikuno ankangoti, "Amandifunditsa msana," n'kupitiriza kusefa.

Mwezi wa Ogasiti uliwonse banja lonse linkapita kumanda a ku kachisi kukatsuka miyala ya makolo. Akamaliza, mayi ankagwira Wataru padzanja n'kupita naye kumapeto, pafupi ndi mpanda wa nsungwi, pamene panali kamwala kakang'ono kolembedwa dzina limodzi lokha: Sayo. "Ameneyu anali mlendo wathu, ankagona m'chipinda cham'mwamba," ankatero. "Alibe womuyendera. Thira madzi, uwerame." Wataru ankathira madzi n'kuwerama, maganizo ali pa maswiti amene ankagulitsidwa pachipata.

Mu Januwale wa 1961 a Gonichi anaterereka ndi njinga pa mlatho woundana ndi chisanu akukapereka tofu, anamenyetsa mutu pa chitsulo, n'kutsirizikira pomwepo. Wataru anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Pa maliro anakhala pakona akumvetsera akuluakulu, ndipo aliyense wolowa anali ndi lake. Uyu akuti akanadikira dzuwa lituluke. Uyo akuti akanadzera mlatho wakumunsi. Wina akuti akanamvera mkazi wawo n'kuyenda wapansi. Mawu amenewa anamudwalitsa mwanayo kuposa imfa yeniyeniyo, chifukwa aliyense ankamuonetsa bambo ake ali moyo penapake pafupi, pamtunda wa mphindi zisanu zokha, koma posafikika.

Atabwerera ku sukulu anatsalira m'kalasi n'kufunsa mphunzitsi wa masamu. "Aphunzitsi, kodi pali chinthu chimene munthu sanganene kuti chikanakhala mwina?"

Mphunzitsiyo analemba pa bolodi. "Ziwiri kuphatikiza zitatu ndi zisanu. Kugwe chisanu kapena kusagwe, munthu adzere mlatho uno kapena winawo, ndi zisanu basi."

Ndiye kuyambira tsiku limenelo Wataru anakakamira zinthu zosasunthika. Masamu anamutengera ku phunziro la kaganizidwe kolondola, lija amati lojiki, ndipo lojikiyo inamutengera ku yunivesite, mayi ake ndi Tomie atatsala awiri ndi mphero. Sanakhale munthu wotchuka, tisanamizane. Buku analemba limodzi, lopyapyala, ndipo makope ambiri anathera pa shelefu ya mayi ake. Ukwati anauyesa kamodzi, koma mkaziyo anatopa ndi mwamuna woti ukamufunsa ngati kugwa mvula amayamba wafunsa kuti ukutanthauza chiyani. Anapeza ntchito pa koleji yaing'ono ku Kanazawa, anachita lendi chipinda chimodzi, ndipo Lamlungu lililonse ankakwera sitima kudzadya kwa mayi ake. Bodza sankalidziwa, ngakhale lija laulemu loyamikira chakudya chosakoma. Chimene sanachitsimikize sankachinena.

Mwezi wa Epulo uliwonse, pa phunziro loyamba la chaka, ankalowa m'kalasi atanyamula mbale ya madzi muli chidutswa cha tofu wa kwawo. Ankaika pa tebulo, n'kupukuta manja.

"Tofu uyu akanatha kugulidwa ndi munthu wina," ankayamba motero. "Akanatha kukazingidwa, akanatha kugwera mu supu, akanatha kuiwalika n'kusasa. Zonsezo n'zotheka, ndipo akanakhalabe tofu yemweyu. Nanga akanatha kupangidwa ndi mpunga?"

Ophunzira ankapukusa mitu.

"Chabwino. Nanga akanatha kuchokera ku soya wa m'thumba lina, wolimidwa m'munda wina?"

Apa kalasi inkagawikana, ndipo iye ankawasiya akangane kaye, akusangalala. Kenaka ankati, "Ameneyo akanakhala tofu wina wofanana ndi uyu, koma osati uyu. Pali zimene chinthu chimangokumana nazo panjira, ndipo zikanatha kusachitika. Pali zimene ndi phata lake, zoti ukazichotsa chinthucho palibenso. Kumene chinthu chinachokera ndi phata."

Akatero ankalemba pa bolodi zizindikiro ziwiri, china choimira zotheka, china choimira zimene sizikanachitira mwina, kenaka n'kudziloza pachifuwa. "Ine ndikanatha kukhala msodzi ku Himi. Ndikanatha kukhala ndi tsitsi." Kalasi inkaseka pamenepa chaka chilichonse. "Ganizirani maiko onse amene akanatheka, mmene zinthu zikanayendera mosiyana ndi muno. Kwina ndine woyendetsa sitima, kwina ndine wakuba, kwina sindinabadwe n'komwe. Koma kulikonse kumene ine ndiliko, amene anandibala ndi Kikuno wa pa sitolo ya tofu ku Takaoka. Mayi wina akanabala mwana wa mphuno ngati yangayi, n'kumutcha dzina langa, ameneyo si ine. Ntchito, mudzi, anzako, amene anakuphunzitsa ndi amene anakudyetsa, zonsezo ndi za panjira. Wokubala ndiye sasintha."

Ankalikonda phunziro limeneli, ndipo chifukwa chake n'chosabisika. Bambo ake anawataya chifukwa cha mphindi zisanu. Tsono anali atapeza chinthu chimodzi chimene mlatho uliwonse sukanamulanda, ndipo chinthucho chinali mayi ake.

Tomie ndiye sankachedwa kumutsitsa. "Aphunzitsi," ankatero akumuthirira mpunga, "ndiye ana a eni ake amakwera sitima m'mawa kudzamva kuti tofu ndi wa soya? Atumizeni kuno, ndiziwauza ine akugula."

"Achemwali, si zophweka choncho."

"Kwa iwe palibe chophweka. Idya, dazi likuzizira."

A Kikuno sankalowerera. Iwo sukulu analekeza msanga, ndipo zonena za mwana wawo ankazilemekeza monga amalemekezera mawu a dokotala. Mbereko yabuluu ija sanaitaye. Kwa zaka zambiri ankamangira bokosi la tofu kumbuyo kwa njinga, ndipo msana utayamba kuwavuta ankadzimanga nayo m'chiuno, mkati mwa epuloni. Inali itasuluka, itasokedwa zigamba mitundu itatu. Wataru anawagulira lamba weniweni wa msana ku sitolo ya mankhwala, iwo anathokoza ndi manja awiri, n'kumuika m'dirowa.

"Mayi, chisanza chimenechi mudzachitaya liti?"

"Chikadzatha."

Mu 1988 a Kikuno anati akufuna akaone kumene mwana wawo amagwira ntchito asanafe. Anasiya sitolo m'manja mwa Tomie, anavala chovala chawo cha ulemu, n'kunyamula tofu wogawira aphunzitsi anzake. Linali tsiku la phunziro loyamba. Anakhala kumbuyo kwenikweni kwa kalasi, chikwama chili pamiyendo, mapazi osafika bwino pansi. Wataru anali wokondwa ngati mwana, ndipo atafika pa gawo lake lija anatambasula dzanja.

"Lero simuvutika kuganizira, chifukwa umboni wabwera wokha. Awo ali kumbuyowo. M'dziko lililonse limene ine ndilimo, anandibala ndi amenewo."

Ophunzira anatembenuka n'kuwomba m'manja. A Kikuno anaimirira, anawerama kwa nthawi yaitali, n'kukhala pansi nkhope ili yofiira. Aliyense anati ndi manyazi a munthu wosazolowera gulu.

Masana anawaperekeza pa sitima. Anadutsa masiteshoni angapo mayi akuyang'ana minda ya mpunga imene anthu anali atayamba kuthiramo madzi. Kenaka anatulutsa lalanje m'chikwama n'kuyamba kusenda.

"Wataru, ine ndine mbuli, undiyankhe pang'onopang'ono. Tinene kuti mwana wabalidwa ndi mkazi wina, koma wakulira kwa mkazi wina kuyambira ali wakhanda. Wachiwiriyu, pa zija umalemba pa bolodi, ali mbali iti?"

Wataru anasangalala kuti mayi ake amvetsera. Anakhala bwino pampando. "Funso labwino, Mayi. Ali ku mbali ya zotheka. Kulera kukanatha kuchitidwa ndi wina aliyense, mwanayo n'kukhalabe yemweyo. Ndi za panjira. Phata lili kwa womubala."

"Ngakhale patapita zaka zambiri?"

"Zaka sizisintha kanthu. Ubwino wake ndi umenewo, Mayi, sizisunthika."

"Oho," anatero a Kikuno. "Ndamva." Anamupatsa theka la lalanje lija, ndipo iye anadya akufotokozabe za maiko otheka mpaka sitima inaima pa Takaoka. Zimapsetsa mtima kuzikumbukira, chifukwa munthuyo sanali woipa. Anali wokondwa chabe, ndipo sanayang'ane nkhope ya amene ankalankhula naye.

Zaka zinapita. Anthu anayamba kugula tofu wa m'mapaketi m'masitolo akuluakulu, amisiri a mkuwa anatseka mmodzimmodzi, mphero ya miyala inasanduka poikapo miphika ya maluwa. Tomie, amene anali atakwatiwa kalekale n'kubala ana, anafedwa mwamuna, n'kubwerera kudzasamala mayi ake. Wataru anapuma pa ntchito mu Malichi wa 2014, ndipo mu Novembala chaka chomwecho a Kikuno anamwalira m'mawa atangomwa tiyi, ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi kudza ziwiri.

Kuno mwana akabadwa, mchombo wake ukauma n'kugwa, mayi amausunga m'kabokosi ka thabwa lopepuka, pachivundikiro atalembapo dzina la mwana, tsiku lobadwa, ndi dzina la mayi. Mayiyo akamwalira, timabokosi ta ana ake timaikidwa m'bokosi la maliro. Akale ankati kumene akupitako amakaonetsa timabokosito ngati umboni woti anali ndi ana. Wataru za kumene akupitako sankazikhulupirira kwenikweni, koma mwambo uwu ankaukonda, moti ankautchula m'kalasi ngati chizindikiro choti ngakhale agogo osaphunzira ankadziwa kumene kuli phata.

Tsiku lotsatira masana, thupi la mayi lili m'chipinda chamkati, anauza Tomie kuti atulutse timabokosito. Tomie anazengereza. Anati ayambe wamwa tiyi, kenaka anati makiyi a kabati sakuwaona, pamene kabatiyo inalibe loko chibadwire. Wataru anakoka yekha dirowa yapansi. Munali lamba wa msana uja adakali m'pepala lake, mbereko yabuluu itapindidwa bwino, ndipo pansi pake timabokosi tiwiri.

Ka Tomie kanalembedwa ndi dzanja la mayi, zilembo zikuluzikulu zimene iye ankazidziwa kuchokera pa mitengo ya tofu. Kachiwiri kanali ndi dzanja lina, lopyapyala, lonjenjemera. Mwana: Wataru. Tsiku lobadwa linali lake ndithu, la mu Febuluwale wa 1949. Mayi: Sayo.

Anawerenga katatu. Anatsegula, napeza kanthu kouma kakuda pa thonje, kochepa kuposa chala chaching'ono. Anatsekanso. Anakhala pansi pomwepo pafupi ndi kabati.

"Achemwali."

"Ndikudziwa," anatero Tomie. Anakhala naye pansi, mawondo akulira. "Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, maso ndinali nawo. Zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndasunga pakamwa, ine amene umati sinditha kusunga kanthu."

Anamufotokozera mosakometsera. Sayo anali mtsikana wa kugombe la Noto amene anabwera kudzagwira ntchito ku fakitale ya ulusi. Mwamuna amene anamupatsa mimba anapita ku Osaka ndipo sanamvekenso. Kwawo anamukana. A Kikuno anamupatsa chipinda cham'mwamba, mzamba anamuchiritsira momwemo, koma thupi linatentha osatsika. Mchombo wa mwana unagwa tsiku lachisanu ndi chiwiri, Sayo analemba yekha pa kabokosi atagona, ndipo patapita masiku awiri anamwalira.

"Nanga ine ndinatsala bwanji muno?"

"Sunayenera kutsala. Nthawi imeneyo nafenso tinkagona ndi njala, usaone ngati tinali ndi zotaya. Kunali nyumba ya ana amasiye ku Toyama, malo anapezeka, Bambo anakukulunga kale m'bulangeti kuti akusiye kumeneko. Ndiye unayamba kulira, ndipo iwe kulira unkakutha. Mayi anati, ndimubereke kaye mpaka tofu auma, mupite naye masana. Anatenga nsalu iyi n'kukumanga kumsana. Masana Bambo akuti tiyeni, Mayi akuti kwazizira, mawa. Mawa lake chimodzimodzi. Bambo ankafunsa m'mawa uliwonse, Mayi ankayankha kuti ndimalize kaye ntchito. Mwezi usanathe Bambo anatopa, anapita ku ofesi ya boma n'kukulembetsa kuti ndiwe wobadwa m'nyumba muno. Masiku amenewo ambiri ankatero."

"Mkaka?"

"Mayi analibe. Ankapempha kwa akazi oyamwitsa mu msewu muno, ukaperewera ankakupatsa wa soya ndi kasupuni. Ndiye iwe ukamanyamula tofu kupita naye m'kalasi, ine ndinkati taonani, akuperekezana pachibale."

Tomie anaseka, koma misozi ili mbwembwembwe. Wataru sanaseke. M'maganizo anali m'sitima ya mu 1988 ija, akumva fungo la lalanje, akumva mawu ake omwe akunena kuti zaka sizisintha kanthu. Manyazi amene anamugwira anali oposa chisoni.

"Tiika tonse tiwiri," anatero pomaliza. "Mawa tiika tonse tiwiri m'manja mwawo."

Tomie anapukusa mutu. "Anakana. Anandiuza chaka chatha, anabwerezanso mwezi watha. Anati ka Wataru si kanga, ndinkangomusungira Sayo, mukakaike ku manda ake. Ndinawauza kuti Mayi, musatero, mwana mwalera nokha. Anati ayi, aphunzitsi athu anandifotokozera bwinobwino m'sitima, zimenezi sizisunthika. Sindingakaonetse umboni wa mwini wake."

"Ananena mokwiya?"

"Akanakwiya bwenzi zili bwino. Ananena monyadira kuti mwana wawo amadziwa zinthu."

Apa ndiye Wataru analira, kulira kwa munthu wamkulu kosowa poyambira. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti akabwerera pa mfundo yake ija, kuiyang'ana uku ndi uku monga ankachitira ndi mayankho a ophunzira, sankapezapo cholakwika. Womubala anali Sayo, ndipo sakanakhala wina. A Kikuno anali ku mbali ya zimene zikanatha kusachitika. Dziko limene iye anakulira ku nyumba ya ana amasiye ku Toyama silinali kutali n'komwe, linali pamtunda wa masana amodzi. Mayi ake akapita mawa ndi kabokosi kamodzi, ngati mayi wa mwana mmodzi, ndipo amene anawalanda kachiwiriko anali iye mwini, ndi choko.

"Mawa mutsogolere mwambo ndinu, Achemwali," anatero akupukuta magalasi. "Malo a mwana wamwamuna ine sindingaimepo. Ndinganame pamaso pa anthu."

"Iwe usandiyambe," anatero Tomie. "Ndakalamba, miyendo ikundipweteka, ndipo nzeru zakozo zatipweteka kokwanira m'nyumba muno. Ukaime pamene Mayi anakuimika."

M'mawa mwake kunacha kozizira koma kowala. Anthu anabwera ochepa, ambiri a iwo okalamba a mu msewu amene anakula akudya tofu wa a Kikuno. Wansembe wa ku kachisi atamaliza mapemphero, woyendetsa mwambo, bambo waulemu wa magolovesi oyera, anatsegula bokosi kuti abale atsanzike. Anthu anaika maluwa kuzungulira nkhope. Tomie anaika kabokosi kake m'manja mwa mayi n'kuwapinda zala.

"Pali chinanso choti apite nacho?" anafunsa wa magolovesi uja.

Kabokosi kachiwiri kanali m'thumba la jekete la Wataru, ndipo dzanja lake linali pomwepo. Palibe akanamuletsa. Koma mayi anali atanena, ndipo ananena zoona. Anachotsa dzanja m'thumba, natsegula chikwama chake cha mabuku chimene anabwera nacho anthu akudabwa, n'kutulutsa mbereko yabuluu ija. Anaifunyulula yonse, zigamba zake zili poyera, anaiyala pachifuwa pa mayi mopingasa monga ankaimangira, nsonga zake n'kuziika m'manja mwawo pamodzi ndi kabokosi ka Tomie.

"Akakafunsidwa umboni kumeneko akaonetse chisanza?" ananong'ona Tomie.

"Akaonetse. Aliyense aona kuti chinagwira ntchito."

Kenaka anawerama mpaka pafupi ndi khutu la mayi ake. Amene anali pafupi anamva, chifukwa mphunzitsi satha kunong'ona.

"Mayi, m'sitima muja ndinakuyankhani theka. N'zoona kuti mukanatha kundisiya. Tsiku loyamba mukanatha, lachiwiri mukanatha, m'mawa uliwonse Bambo akafunsa mukanatha, ndipo palibe akanakunenani. Ziwiri ndi zitatu sizichita kusankha kuti zikhale zisanu, n'chifukwa chake palibe amazithokoza. Ine ndinathera moyo wanga wonse ndikugwadira zimenezo. Zikomo, Mayi. Pepani kuti ndachedwa."

Anatseka bokosi. Kabokosi ka mchombo anakapereka kwa mwini wake patapita sabata, pansi pa kamwala ka pafupi ndi nsungwi, ndipo anapeza kamwalako kali kotsukidwa bwino, chifukwa a Kikuno atalephera kuyenda ankatuma Tomie. Koma zimenezo zinali za pambuyo.

Tsiku la malirolo, ku nyumba yotenthera mitembo, anadikira pafupifupi maola awiri akumwa tiyi wozizira. Atawaitana, iye ndi Tomie anatola mafupa awiriawiri ndi timitengo monga mwa mwambo, kuyambira kumapazi kukathera kumutu, n'kumaika mu mtsuko woyera. Anali mafupa ochepa, opepuka, a munthu amene ananyamula zambiri. Wantchito wa pamalopo anatseka mtsuko, anauika m'bokosi lake, anaukulunga ndi nsalu yoyera, n'kuunyamula ndi manja awiri. Sankawadziwa anthuwa, ndiye anayang'ana gulu lonse n'kufunsa mwaulemu.

"Mwana wawo wamwamuna ndi uti?"

Tomie anayang'ana pansi, osafuna kumuthandiza. Anthu a mu msewu wathu, amene ena mwa iwo amayi awo ndiwo anamuyamwitsa, anadikira. Wataru, munthu woti pa moyo wake wonse sanatchulepo chinthu chimene sanachitsimikize, anakonza magalasi ake n'kupita kutsogolo.

"Ndine," anatero.

Anamupatsa mtsukowo ndipo anaukumbatira pachifuwa. Unali udakali wofunda. M'galimoto mwana wa Tomie anati, "Amalume, ndikulandireni, mwatopa," koma iye anakana. Anati amalize kaye ulendowu, ndipo anawanyamula yekha mpaka kunyumba.